DOKOTALA LAWRENCE, AMENE ANAPHUNZIRA MATENDA A SHUGA M'THUPI MWAO

Ku cipatala ca Lundazi, monganso m'zipatala zina za dziko lino, munthu akapezeka ndi matenda a shuga amalangizidwa zinthu zitatu: kusamala cakudya, kumwa mankhwala kapena kulasa nyeleti pa nthawi yake, ndiponso kugwiritsa thupi nchito. Malangizo awiri oyambawo anthu amawamva msanga. Acitatuwo ambiri amawayesa mau ongoonjezera, makamaka m'boma la alimi m'mene khasu ndi njinga ziri pakhomo liri lonse. Koma malangizo amenewa ali ndi mbiri yake, ndipo mmodzi wa anthu amene anawapezera umboni anali dokotala wa ku Scotland, a Robert Daniel Lawrence, amene iwo eni anakhala ndi matendawa pafupi-fupi zaka 48.

UBWANA NDI MAPHUNZIRO

A Lawrence anabadwa pa 18 Novembala 1892 mu mzinda wa Aberdeen. Atate ao, a Thomas Lawrence, anali ndi fakitale yopanga maburashi, ndipo banjalo linali lopeza bwino. Pakhomo ndi pakati pa anzao ankachedwa Robin, dzina limene linawakhalira moyo wao wonse. Anaphunzira pa Aberdeen Grammar School, sukulu imene anaphunzirapo a John Macleod, amene pambuyo pake anachuka pa nkhani ya kupezeka kwa insulin. Atacoka pamenepo analowa yunivesite ya Aberdeen, natsiriza maphunziro a udokotala m'caka ca 1916. Anali mnyamata wanyonga, wokonda masewera a mpira wa tenesi ndi hockey, ndiponso kuwedza nsomba m'mitsinje ya kwao.

Pa nthawiyo nkhondo yoyamba ya dziko lonse inali mkati. A Lawrence anatumizidwa ku India kukakhala dokotala wa asilikali, koma kumeneko anadwala kamwazi, nabwezedwa kwao m'caka ca 1919. Atacira anapeza nchito pa King's College Hospital mu mzinda wa London. Mtima wao unali pa opaleshoni, makamaka ya makutu, mphuno ndi pakhosi.

TSOKA LA MU 1920

Akulu-akulu amati tsoka silinunkha. M'caka ca 1920, a Lawrence anali kudziphunzitsa kusema fupa la kuseri kwa khutu pa mtembo, monga acitira ophunzira opaleshoni, pamene kacidutswa ka fupa kanathethekera m'diso mwao. Disolo linatupa ndi kucita mafinya, ndipo linakana kupola msanga. Madokotala anzao powayeza anapeza kuti mkodzo wao unali wodzala shuga. Apa ndi pamene maloto a opaleshoni anathera.

Pofuna kumvetsa kukula kwa tsokali, nkofunika kudziwa cimene cimacitika m'thupi munthu akadya. Nsima, mbatata, mpunga, cinangwa kapena buledi zikagayidwa m'mimba zimasanduka shuga amene amalowa m'magazi. Shugayo ndiye nkhuni zimene thupi limasonkhera moto wake. Ciwalo cochedwa kapamba cimatulutsa insulin, amene amacititsa kuti shuga acoke m'magazi ndi kulowa m'minofu, m'ciwindi ndi m'mafuta a thupi, kuti agwire nchito kapena asungidwe. Ciwindi ndi minofu ziri ngati nkhokwe ziwiri zazikulu. Insulin akasowa, shuga amangodzazana m'magazi ndi kutayikira mu mkodzo, pamene minofu iri ndi njala. Thupi limayamba kudya mafuta ndi mnofu wake womwe, munthu amaonda, amamva ludzu losatha, amakodza kawiri-kawiri, ndipo potsiriza magazi amacita asidi, iye nkukomoka.

M'caka ca 1920 mankhwala a vutoli panalibe. Cimene madokotala ankadalira cinali njira ya dokotala wa ku America, a Frederick Allen, yomana wodwala cakudya mpaka shuga atasiya kuoneka mu mkodzo. Njirayi inkatalikitsa moyo miyezi kapena zaka zowerengeka, koma wodwala ankakhala ndi njala masiku onse. A Lawrence anaitsata, nasamukira ku cipinda coyezera magazi ndi mikodzo ca cipatala comweco, kumene anagwira nchito pansi pa Dokotala G. A. Harrison. Mphamvu zao zinanka zicepa. Poona kuti masiku ao atsala pang'ono, ndiponso posafuna kuti makolo ao aziwaona akufota, anapita ku Florence m'dziko la Italy, kumene anayamba kuona odwala ocepa podikira imfa. Kumeneko anafika polephera kukwera masitepe a nyumba.

Pamene izi zinali kucitika, ku Toronto m'dziko la Canada a Frederick Banting ndi a Charles Best, mothandizidwa ndi a Macleod ndi a James Collip, anali atapeza njira yotengera insulin m'kapamba wa nyama. Mu Januwale 1922 mnyamata wa zaka 14, Leonard Thompson, anakhala munthu woyamba kupulumutsidwa ndi mankhwalawo. M'caka ca 1923 insulin anafika ku King's College Hospital, ndipo a Harrison anatumiza telegalamu ku Florence yoitana mnzao kuti abwerere msanga. A Lawrence anayenda ulendo wa masiku angapo pa galimoto, nafika ku London ali cifere-fere. Kumapeto kwa Meyi 1923 analasidwa nyeleti yoyamba ya insulin. Shuga anacoka mu mkodzo wao, mphamvu zinayamba kubwerera, ndipo m'masiku oyamba omwewo analawanso mbali ina ya mankhwalawo: kunjenjemera, thukuta ndi njala yoopsa zimene zimadza shuga akatsika kupyola muyeso.

MINOFU IKAGWIRA NCHITO

Kuyambira pamenepo a Lawrence anapereka moyo wao wonse ku matenda a shuga. M'caka ca 1925 anasindikiza buku lochedwa The Diabetic Life, lolembedwera odwala ndi madokotala pamodzi, limene linasindikizidwa kokwana 17 m'zaka 40. Anakonzanso njira yosavuta yoyezera cakudya mwa mizere yakuda ndi yofiira, kuti wodwala azitha kudzisankhira cakudya cogwirizana ndi insulin wake popanda kufunsa dokotala tsiku liri lonse. Cikhulupiriro cao cinali cakuti wodwala ayenera kuphunzitsidwa kufikira atakhala wodzisamala yekha.

Popeza anali munthu wokonda masewera, sanacedwe kuzindikira kuti insulin wa muyeso umodzi-modzi sagwira nchito mofanana masiku onse. Tsiku limene munthu wangokhala, shuga amatsika pang'ono. Tsiku limene wathamanga kapena wagwira nchito yolemetsa, amatsika kwambiri. Madokotala akale anali ataona kale kuti kulimbitsa thupi kumathandiza. A Apollinaire Bouchardat a ku Paris, amene anaona shuga akucepa mwa odwala ao pa njala ya nkhondo ya 1870, ankalamula odwalawo kuti azigwira nchito ya thukuta. Koma iwo analibe insulin, ndipo sakanatha kudziwa m'mene ziwirizi zimakomanirana. A Lawrence anayeza shuga wa m'magazi pambuyo pa insulin, munthu atapuma ndiponso atagwiritsa thupi nchito, nayerekeza zotsatira zake. M'caka ca 1926 analemba mu British Medical Journal kuti kulimbitsa thupi kumakulitsa mphamvu ya insulin yotsitsa shuga. Tanthauzo lake linali loonekeratu: wodwala wolasa insulin akafuna kugwira nchito yolemetsa ayenera kuonjezera cakudya kapena kucepetsa insulin, apo ai adzagwa.

Cifukwa cake ceni-ceni cinadzadziwika bwino iwo atamwalira. Akatswiri a m'zaka za m'ma 1980 anapeza kuti m'kati mwa maselo a minofu muli tizinthu tonyamula shuga, tochedwa GLUT4, timene timabwera pakhomo pa selo kudzalowetsa shuga. Insulin amatiitana, koma kukungika kwa mnofu pogwira nchito nakonso kumatiitana mwa njira yake-yake, yosadalira insulin. Cotero munthu wolasa insulin akamapalasa njinga, makomo awiri amatseguka nthawi imodzi. Kuonjezera apo, mnofu ukagwira nchito umadya shuga amene unasunga, ndipo pambuyo pake umakoka shuga wa m'magazi kuti udzazenso nkhokwe yake. Pa cifukwa cimeneci thupi limamvera insulin bwino kwa tsiku limodzi kapena awiri nchitoyo itatha, kenaka phindulo limazilala. Ici ndico cifukwa cake madokotala amalangiza kuti pasamapite masiku oposa awiri munthu asanalimbitse thupi. Minofu ndiyo imalandira gawo lalikulu kwambiri la shuga amene insulin amacotsa m'magazi, ndipo munthu amene minofu yake yafota amakhala ngati mlimi wa nkhokwe yaing'ono pa caka ca zokolola zambiri.

Pali mbali inanso. Ngati insulin wasoweratu m'thupi, monga mwa wodwala amene wadumphitsa nyeleti zake, nchito yolemetsa imakweza shuga m'malo momutsitsa, pakuti ciwindi cimatsanulira shuga m'magazi popanda cocibweza, ndipo asidi uja amaculuka. Nchito ya thupi imathandizana ndi insulin, koma siilowa m'malo mwake mwa munthu amene kapamba wake anasiya kumutulutsa.

BUNGWE LA ODWALA

M'caka ca 1928 a Lawrence anakwatira a Anna Batson, ndipo anabereka ana amuna atatu. Mbali ya odwala shuga pa King's College Hospital inakula pansi pa utsogoleri wao kufikira inakhala imodzi mwa zazikulu m'dziko la Britain. Mmodzi wa odwala ao anali mlembi wochuka wa mabuku, a H. G. Wells, amene anathandiza kupempha ndalama za mbaliyo kudzera mu nyuzipepala ya The Times. Podziwa kuti mutu umodzi susenza denga, awiriwa anayambitsa Diabetic Association m'caka ca 1934, bungwe la odwala ndi madokotala pamodzi, limene kuyambira 2000 limachedwa Diabetes UK. Bungweli linamenyera ufulu wa odwala pa nchito, nayambitsa maulendo a pa chuti a ana odwala shuga, kumene anawo ankasewera ndi kuphunzira kudzilasa okha. M'caka ca 1950, pamene mabungwe a maiko osiyana-siyana anagwirizana ku Amsterdam kupanga International Diabetes Federation, a Lawrence anasankhidwa kukhala pulezidenti wake woyamba.

WOONDA NDI WONENEPA

M'cipinda cao coonera odwala, a Lawrence ankaona anthu a mitundu iwiri. Ena anali ngati iwo: acicepere, oonda, amene akanafa popanda nyeleti. Ena, ndipo awa ndiwo anali ambiri, anali acikulire ndi onenepa, amene shuga wao ankatsika akangocepetsa cakudya ndi kuonda. M'caka ca 1936 a Harold Himsworth a ku London anali atanena kuti odwala ena matupi ao samvera insulin, koma panalibe amene anali atayeza insulin m'magazi a munthu. M'caka ca 1951 a Lawrence, pamodzi ndi katswiri wa ku Australia a Joseph Bornstein, anayeza magazi a odwala pogwiritsa nchito makoswe okonzedwa mwapadera. Anapeza kuti m'magazi a odwala acicepere oonda aja munalibe insulin, pamene m'magazi a acikulire onenepa insulin analimo. Mitundu iwiriyi ndi imene masiku ano imachedwa mtundu woyamba ndi mtundu waciwiri, ndipo odwala 9 pa 10 ali onse pa dziko lapansi ali ndi waciwiriwo.

Mwa munthu wonenepa, makamaka wa mimba yaikulu, mafuta amaunjikana m'kati mwa mimba, m'ciwindi ndi m'minofu momwe. Mafuta amenewa amagonthetsa ziwalozo kuti zisamve kuitana kwa insulin. Kapamba amayesetsa kutulutsa insulin woonjezera kwa zaka zambiri, mpaka amatopa, ndipo pamenepo shuga amakwera. Apa ndi pamene khomo laciwiri lija limakhala la mtengo wapatali, pakuti mnofu umene sumva insulin umalowetsabe shuga ukamagwira nchito. Kulimbitsa thupi pakokha sikuondetsa munthu kwambiri ngati sasintha kadyedwe, ndipo ambiri amataya mtima akaona kuti sikelo siikusuntha. Koma mafuta a m'kati mwa mimba ndi a m'ciwindi amacepa ngakhale sikelo isasinthe, ndipo amenewo ndiwo oopsa.

Umboni waukulu wa zimenezi unadza a Lawrence atapita kale. Ku Da Qing m'dziko la China, kuyambira 1986, anthu 577 amene shuga wao anali atayamba kukwera anatsatidwa zaka 6, ndipo amene analangizidwa kulimbitsa thupi ciopsezo cao codwala cinatsika ndi 46 peresenti. Ku America, kafuku-fuku wa anthu 3,234 amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2002 anasonyeza kuti kuyenda ndawala mphindi 150 pa mlungu, pamodzi ndi kuyesa kucepetsa kulemera kwa thupi ndi 7 peresenti, kunatsitsa ciopsezo ndi 58 peresenti, pamene mapiritsi a metformin anacitsitsa ndi 31 peresenti. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, m'malangizo ake a 2020 linanena kuti munthu wamkulu azilimbitsa thupi mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu, ndi kugwira nchito yolimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo.

PHUNZIRO KWA A KU LUNDAZI

Matendawa sali a Azungu okha. Kafuku-fuku wa Unduna wa Zaumoyo wa mu 2017 anapeza kuti pafupi-fupi anthu 6 pa anthu 100 ali onse a zaka 18 mpaka 69 m'Zambia anali ndi shuga wokwera kapena anali pa mankhwala ake. Pafupi-fupi munthu mmodzi pa anai ali onse anali wonenepa kupyola muyeso, ndipo amai onenepa anali owirikiza kawiri abambo.

Phunziro la 1926 limakhudza kwambiri mlimi wa kwa Mwase, kwa Mphamba kapena kwa Kapichila. Caka ca mlimi ciri ndi nkhope ziwiri. Kuyambira Novembala mpaka Malichi amalawirira kumunda kukalima, kubzala ndi kupalira cimanga, nshawa ndi fodya, kawiri-kawiri asanadye kanthu, ndipo mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka. Akakolola nchito imacepa, cakudya nkuculuka. Muyeso wa insulin kapena wa mapiritsi a glibenclamide umene unamuyenera mu Julayi ungathe kumugwetsa m'mizere mu Januwale. Mlimi wotere ayenera kuuza a cipatala za nchito yake nyengo ikamasintha, osasintha yekha mankhwala, kudya asanapite kumunda, ndi kunyamula shuga kapena maswiti. Akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira, kumva cizungulire kapena kulankhula zosokonekera, aleke khasu namwe madzi osungunulamo masupuni ang'ono atatu kapena anai a shuga, kenaka adye. Ngati wakomoka, asamwetsedwe kanthu, koma athamangitsidwe ku cipatala. Mowa pambuyo pa nchito yolemetsa umaonjezera ngozi, cifukwa umaletsa ciwindi kutulutsa shuga usiku. Ndipo popeza matendawa amapha mitsempha ya kumapazi, wodwala asalime wopanda nsapato, ndipo aziyang'ana mapazi ake madzulo ali onse, pakuti cironda ca munga cingathe kudulitsa mwendo.

Phunziro la 1951 limakhudza makamaka a pa boma: kalaliki, mphunzitsi, dalaivala ndi mai wa pa msika amene amakhala pansi tsiku lonse. Ambiri a iwo anakulira pa khasu ndi mtondo, ndipo nsima imene amadya lero ndi ya muyeso wa masiku amenewo, ngakhale njinga yamoto inalowa m'malo mwa yopalasa, cigayo m'malo mwa munsi. Kunenepa kumaonedwabe ngati cizindikiro ca kupeza bwino, ndipo kuyambira zaka zimene Edzi inasautsa dziko ambiri amaopa kuonda kuti anganenedwe. Koma cimene cikufunika sicidula ndalama. Mphindi 150 pa mlungu ndi theka la ola masiku asanu: kupita ku nchito wapansi, kupalasa njinga, kulima dimba, kuvina cimtali kapena muganda. Ngakhale kuyenda pang'ono munthu atangodya nsima kumathandiza kuti shuga asakwere kwambiri. Amene ali ndi vuto la mtima, la maso kapena la mapazi ayambe afunsa a cipatala.

MASIKU OTSIRIZA

A Lawrence anapuma nchito pa King's College Hospital m'caka ca 1957. Posakhalitsa anadwala sitiroko imene inalemaza mbali ya thupi lao, komabe anapitiriza kuona odwala ena ndi kutsogolera bungwe lao kwa zaka zingapo. Anamwalira ku London pa 27 Ogasiti 1968 ali ndi zaka 75, patapita zaka 45 cilandirire telegalamu ija ku Florence. Dzina lao likumbukidwa m'mabuku a udokotala pa matenda ena osowa a kutha kwa mafuta a thupi amene anawalongosola m'caka ca 1946, ndiponso pa nkhani ya caka ndi caka imene Diabetes UK imakonza powalemekeza. Bungwe la maiko limene anali pulezidenti wake woyamba ndilo linakhazikitsa, pamodzi ndi WHO m'caka ca 1991, tsiku lokumbukira matenda a shuga, limene limacitika pa 14 Novembala, tsiku lobadwa la a Banting. Ku Lundazi tsikuli limafika pamene alimi ali kunola makasu podikira mvula yoyamba, nyengo imene wodwala shuga ayenera kupita ku cipatala kuti mankhwala ake aonedwenso nchito ya kumunda isanakule.